Bolodi ya malita 76 patatha miyezi 14: yathamanga bwino, koma yamwa madzi

Mnzanga wina wa ku Namiwawa, wamakilogalamu 60, wandifunsa ngati angagule bolodi yaing'ono ya windsurfing (yoimapo munthu n'kuyenda pamadzi ndi thanga) ya mphepo yamphamvu ngati yanga. Wafunsa sabata yomwe ndalipira mmisiri woikonza, choncho achimwene, yankho ndi ili, ndipo ena opepuka thupi atolepo.

Bolodiyi ndi ya freewave (mtundu woyendera pa mafunde ndi pamadzi osalala), kukula kwake malita 76, m'lifupi masentimita 56, yogwiritsidwapo kale, yochokera ku Cape Town. Ine ndimalemera makilogalamu 58. Lita imodzi imanyamula kilogalamu imodzi m'madzi a nyanja yathu, pomwe m'madzi amchere imanyamula kuposerapo pang'ono. Mukaphatikiza thupi, bolodi ya makilogalamu 6.5 ndi thanga ndi zitsulo zake pafupifupi makilogalamu 9, mwafika pa 74. Ndiye kuti mphepo ikaleka, madzi amafika m'akakolo. Amene sanadziwe kudzuka m'madzi mokokedwa ndi thanga asayerekeze. Kukoka thanga ndi chingwe mutaima pamenepa ndi chintchito. Ayambire pa malita 85.

Mwera wa June mpaka August ukakwiya, ubwino wake umaoneka. Ndi thanga la masikweya mita 4.2 kapena 3.7 imakhazikika pamadzi, siyiuluka mphuno ngati bolodi ya malita 100 imene imamuponya munthu wopepuka. Mafunde afupiafupi a ku Mangochi imawadula bwino. Pokhota imamvera chidendene. Fin (chipsepse cha pansi pa bolodi) ya masentimita 22 ikukwana. Ya 25 imanyamula bolodi mopitirira. Malamba a mapazi anali otakasuka, ndinawasunthira pa mabowo oyandikana. Thanga likaposa 5.0 imalemedwa, ndipo masiku a kamphepo kayaziyazi, amene ndi ochuluka kwathu kuno, imangokhala pakhonde.

Vuto lenileni ndi madzi. M'mwezi wachisanu ndinamva kuti kumbuyo kwalemera. Pasikelo inali makilogalamu 7.4. Mkati mwa mabolodi amenewa muli foam ya EPS, yonga yoyera ija imabwera m'katoni ya TV, ndipo imamwa madzi pakangopezeka kampata. Pofuna kupeza pobooka, tsekani sikuluu ya mpweya (yotseka kabowo kotulutsira mpweya wa mkati mwa bolodi), ikani bolodi padzuwa mphindi khumi, pakani madzi a sopo pamalo onse okayikitsa. Mpweya wotentha umatuluka, thovu n'kuonekera. Langa linatulukira pa bowo la sikuluu ya lamba wakumbuyo. Winawake anamangapo sikuluu yayitali kuposa muyeso, inaboola pansi pa kapulasitiki kogwira sikuluuyo, kenako anamata ndi silikoni kuti pasaoneke.

Kuumitsa kumafuna kudekha. Tinaboola kabowo ka mamilimita 6 pafupi, n'kulowetsamo kansalu kothonje kuti kazikoka madzi, bolodi itapendekeka bowolo lili pansi, sikuluu ya mpweya itamasulidwa. Masabata atatu a kutentha kwa October anachotsa magalamu 600 okha. Otsalawo sadzatulukanso. Pomata gwiritsani guluu wa epoxy basi. Resin ya polyester, imene amisiri ambiri okonza mabampa amakhala nayo, imasungunula EPS n'kusiya dzenje mkati. Mufunseni mmisiri akuonetseni chitini asanayambe. Kukonza koyamba kunagwira miyezi isanu ndi umodzi, kenako panang'alukanso chifukwa foam yozungulira inali itafewa. Ulendo uno achotsa kapulasitiki konse, aika foam yolimba ndi nsalu ya fiberglass mizere itatu.

Za sikuluu ya mpweya ija, ife a ku Blantyre tisamale kwambiri. Mzindawu uli pamtunda wa mamita oposa 1,000, nyanja ili pansi pa mamita 500. Mukachoka kunyanja bolodi ili padenga la galimoto, padzuwa, sikuluu itatsekedwa, mpweya wamkati umafufuma mukamakwera kudzera ku Liwonde ndi Zomba, ndipo khungu la bolodi limatha kumatuka. Masulani mukangotuluka m'madzi, mangani musanalowe, ndipo kamphira kake kozungulira muzisintha chaka chilichonse.

Wogulitsa analemba kuti bolodi sinalowepo madzi. Nditamutumizira zithunzi pa WhatsApp anati ndaiboola ndekha, kenako anakhala chete mwezi wathunthu. Nditamuonetsa silikoni wakale uja ndi pamene anabweza ndalama zokwana kukonza koyamba kokha. Kwachiwiriku ndalipira ndekha, ndipo kukonza konse pamodzi kwadya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wogulira, osawerengera thiransipoti ndi msonkho.

Tsiku la mwera wabwino ndimaiwala zonsezi, ndimati sindingaigulitse. Lero, lisiti ili m'manja, mtima ukuwawa. Kukula kwake ndi koyenera munthu wa makilogalamu 55 mpaka 62 wodziwa kale kuyendetsa, pamenepo sindikukayika. Koma achimwene, musatumize ndalama musanaone kanema wa bolodiyo ili pasikelo. Ikaposa kulemera kwa kufakitale ndi theka la kilogalamu, muuzeni atsitse mtengo kapena isiyeni.