Sikirini yoyera kapena yakuda: yabwino ku maso ndi iti?

Masana, makamaka powerenga nkhani yaitali, sikirini yoyera yokhala ndi zilembo zakuda imapambana. Kuwala kukachuluka mwanadiso amachepa, ndipo zilembo zimaoneka bwino, ngakhale zing'onozing'ono. Vuto lake ndi usiku, pamene imathobwa m'maso ngati tochi.

Apa m'pamene yakuda, yokhala ndi zilembo zoyera, imathandiza. Simathobwa, komanso simasokoneza mnzanu amene wagona pambali. Komabe mumdima mwanadiso amakula, choncho anthu ena, makamaka odwala astigmatism (vuto la maso lochititsa kuti zinthu zisaoneke bwinobwino), amaona zilembo zoyerazo zili mbuu m'mphepete. Padzuwa nayonso imavuta kuwerenga. Imasungadi batire, koma pa sikirini za mtundu wa OLED zokha, pomwe malo akuda amazimiratu. Pa za mtundu wa LCD, zomwe zimawala ndi nyale yakumbuyo, nyaleyo imangoyakabe.

Ine ndimakonda yoyera pogwira ntchito, yakuda madzulo. Mafoni a iPhone ndi a Android akhala ndi mwayi wosankhawu kuyambira mu 2019, ndipo ambiri amatha kusintha okha dzuwa likalowa. Maso akamauma, mtundu si umene walakwa: timaphethira pang'ono tikamayang'ana sikirini. Chepetsani kuwala kufanane ndi kwa m'chipinda, ndipo muziyang'anako patali pafupipafupi.