Command: Modern Operations, ndemanga ya wosewera wa apo ndi apo

Ine si msilikali, sitima yankhondo sindinaikwerepo, ndipo magemu ndimasewera ndikapeza kampata madzulo kapena kumapeto kwa sabata. Ndemanga iyi ndalembera anthu ngati ine, omwe aiona gemu ya pakompyuta ya nkhondo za sitima ndi ndege imeneyi n'kukopeka nayo koma akuopa kuti ndalama yawo ingalowe m'madzi. Siilowa m'madzi, bola mudziwe chomwe mukugula.

Gemuyi inapangidwa ndi WarfareSims, ndipo Matrix Games ndi Slitherine anaitulutsa mu 2019 kulowa m'malo mwa Command: Modern Air/Naval Operations ya 2013. Mukaitsegula musayembekezere mafunde akumenya sitima kapena moto ukulilima. Mupeza mapu a dziko lonse lapansi ndi tizizindikiro. Zanu ndi zabuluu, za adani zofiira, zosadziwika zachikasu, za osalowerera nkhondo zobiriwira. Sitima yanu ndi kachizindikiro kozungulira, ndege ndi theka lake lam'mwamba, sitima yoyenda pansi pa madzi ndi theka lam'munsi. Pambali pamadutsa mauthenga osatha, ndipo nkhondo yonse mumaimva kudzera m'mauthengawo. Anzanga omwe anasuzumira pa sikirini anaganiza kuti ndikugwira ntchito ya kuofesi.

Kuwombera ndiye kosavuta m'gemuyi: mwasankha sitima, mwaloza mdani, mzinga wanyamuka. Ntchito yagona pa kumupeza mdaniyo. Nkhondo ikamayamba mapu amakhala pululu, mukuoneka zanu zokha, ndipo dzanja limathamangira kuyatsa radar pa sitima zonse. Apa ndiye pali msampha. Radar ili ngati tochi usiku, imakuunikirani pafupi koma wobisala kutali amaona kuwala kwanu inu musanamuone. Sitima ndi ndege za adani zili ndi zida zomvetsera radar za ena, ndipo zikangomva yanu zimadziwa mbali yomwe muli, nthawi zina ngakhale mtundu wa sitima yanu. Ndiye mumayamba kuwerengera kuti muyatse iti, muzimitse iti, mutume ndege iti ikaunike kutali kuti sitima zikhale zii. Zonsezi zili pansi pa EMCON, malamulo a kayatsidwe ndi kazimitsidwe ka radar, ndipo ine gemuyi inayamba kundikomera nditafika pamenepa.

Zimakhala chonchi. Kumpoto kwa mapu kwatulukira kachizindikiro kachikasu. Sikanakhazikike pamalo amodzi, kazunguliridwa ndi dera lalitali kusonyeza kuti chinthucho chikhoza kukhala paliponse m'menemo. Ndi yankhondo? Ndi yonyamula katundu? Mwadzutsa helikopita, mwaituma, mwathamangitsako nthawi. Dera lija likunka lichepa pamene helikopita ikuyandikira, kenaka chizindikiro chasanduka chobiriwira: ndi boti la asodzi. Mukanapupuluma bwenzi mutataya mizinga pachabe ndi kupha anthu osalakwa, ndipo m'nkhondo zambiri za m'gemuyi zotere zimakudyerani mapointi. Mtima usanakhale m'malo, uthenga wina walowa: VAMPIRE. Mzinga uli panjira.

Poti dziko ndi lozungulira, radar yomwe ili pamwamba pa sitima, tinene mamita 30 kuchokera pamadzi, singaone mzinga wouluka cham'munsi pafupi ndi mafunde mpaka utafika pamtunda wa makilomita pafupifupi 30. Mzinga ngati Exocet umathamanga makilomita pafupifupi 1,100 pa ola. Werengerani nokha, mwatsala ndi mphindi zosakwana ziwiri, ndipo m'mphindi zimenezo zida za pasitima ziyenera kuuzindikira, kuulondola ndi kuugwetsa. Ndi mzinga womwewu umene unagunda HMS Sheffield ya Britain pa 4 Meyi 1982 pa nkhondo ya ku Falklands, utaponyedwa ndi ndege ya Argentina ya Super Étendard, ndipo anthu 20 anafa. Mu Meyi 1987 mizinga iwiri ya Exocet yochokera m'ndege ya Iraq inagunda USS Stark ya America ku Persian Gulf n'kupha 37. Munthu ukamangowerenga nkhani zimenezi umadabwa kuti sitima yodzaza zida chonchi inagundidwa bwanji. Ukaona kachizindikiro kofiira katulukira pafupi ndi sitima yako, nthawi itatha kale, kudabwa kumachepa. N'chifukwa chake ndege zonyamula radar yaikulu pamsana, monga E-2 Hawkeye, mumazisamala kuposa zina zonse. Zikakwera m'mwamba zimaona komwe radar ya pasitima singafike, ndipo zikagwetsedwa gulu lonse la sitima latsala m'khungu.

Mizinga nayo imatha. Sitima ya mtundu wa Arleigh Burke ili ndi mabowo oponyera mizinga 90 kapena 96, kutengera kuti ndi yakale kapena yatsopano, ndipo akatha pakati pa nkhondo atha basi. Ndege ikatera siidzukanso pompopompo, kuiikira zida zina kumatha kutenga maola. Woponya zonse pa mdani woyamba amadzayang'ana wachiwiri ali chimanjamanja.

Gawo la sitima zapansi pa madzi ndi lomwe lingakumangirireni pa gemuyi kapena kukuthamangitsani. Sitima ikathamanga imachita phokoso, sonar yake yomwe, chida chomvetsera phokoso m'madzi, imagontha, choncho mumayenda pang'onopang'ono mukutchera khutu. M'nyanja muli malire pomwe madzi ofunda am'mwamba amakumana ndi ozizira apansi, ndipo phokoso limavutika kudutsa pamenepo. Mukatsikira kunsi kwa malirewo sitima zapamwamba zimavutika kukumvani, koma nanunso simuzimva bwino, ndiye mumangokwera n'kutsika, kusuzumira n'kubisala. Mukakhala kuti osaka ndinu, mumatuma ndege ngati P-3 Orion kukamwaza zomvetsera zoyandama pamadzi, mzere ndi mzere, n'kumadikira. Theka la madzulo likhoza kutha popanda chochitika. Ena amati n'zotopetsa, ndipo sindingawatsutse. Ine ndimazikonda, koma tsiku lomwe ndaweruka mutu uli wolemera sindiyerekeza n'komwe kuzitsegula.

Nanga wa nthawi yochepa angakwanitse? Angakwanitse, akalola kompyuta kugwira gawo lake. Palibe chifukwa choyendetsera ndege iliyonse ndi dzanja. Mumajambula dera pamapu, mumapanga mishoni yolondera, mumaikamo ndege ndi kunena kuti zingati zizikhala m'mwamba nthawi imodzi. Kuchokera apo zimadzuka zokha, kulondera, kubwerera mafuta akachepa, zina n'kulowa m'malo. Mumaikanso malamulo, monga kuti aziwombera pokhapokha atatsimikiza kuti ndi mdani, aziponya mizinga ingati pa chinthu chimodzi, kuchokera patali bwanji. Mukakonza zimenezi bwino pachiyambi, ntchito yotsala ndi kuyang'anira ndi kulowererapo zikavuta. Nthawi mukhoza kuiimitsa pomwe mwafunira, kuithamangitsa pomwe palibe chochitika, ndi kusunga pomwe mwalekezera.

Komabe musanamizidwe kuti mulowa n'kuyamba kusangalala tsiku lomwelo. Zonse zili m'Chingerezi, ndipo si Chingerezi cha masiku onse, ndi zidule zokhazokha za asilikali: WRA, ROE, ASW, CAP, RTB. Maphunziro oyambira alimo ndipo ndi othandiza, musawadumphe, makamaka a ndege ndi a sitima zapansi pa madzi. Ngakhale mutawamaliza, pamatenga nthawi kuti dzanja lizolowere komwe kuli chilichonse, chifukwa lamulo limodzi likhoza kuikidwa pa mbali yanu yonse, pa mishoni, pa gulu kapena pa sitima imodzi, ndipo ndege ikakana kuwombera mumafufuza kuti mwa zonsezi chikuiletsa n'chiti. Chomwe chimapweteka kwambiri munthu wosewera mwa apo ndi apo ndi kuiwala. Mukasiya nkhondo pakati n'kubwerera patapita masabata, mumapeza mapu odzaza mizere ndi madera omwe munajambula nokha, koma chifukwa chake chauluka. Ine ndimalemba pakapepala zomwe ndimafuna kuchita ndisanatseke kompyuta. Nkhondo zikuluzikulu, zokhala ndi ndege mazanamazana ndi mabwalo ambirimbiri, ndinazisiyira eni ake. Kungowerenga malangizo ndi kuona zomwe mwapatsidwa, ola latha musanadzutse ndege n'imodzi yomwe.

Komwe ndalama yanga imabwerera ndi ku nkhokwe ya zida ndi chida chopangira nkhondo zanuzanu. Nkhokwezo zilipo ziwiri, ina ya zaka za 1946 mpaka 1979, ina kuyambira 1980 kubwera kuno. Mukadina dzina la sitima mumaona radar zake, mizinga yake, mtunda womwe imafika, mafuta omwe imadya. Munthu umalowamo kukaona chinthu chimodzi n'kutulukamo utaona khumi. Ndiye ndimaika sitima ziwiri zitatu mbali iyi, yapansi pa madzi imodzi mbali iyo, penapake pakati pa Iceland ndi Scotland, n'kuona zomwe zichitike. Kenaka ndimasintha chinthu chimodzi, mwina kuchotsa helikopita, mwina kusinthitsa sitima ya m'ma 1970 ndi ya m'ma 1990, n'kubwerezanso. Ola lisanathe nkhondo yatha ndipo ndaona ndi maso kusiyana kwake. Akatswiri amalemba malamulo awo m'chilankhulo cha pakompyuta cha Lua kuti nkhondo zizisintha zokha, ine kumeneko sindinafikeko ndipo sikundikoka.

Mwa zowonjezera zogula padera, ndingakulozereni Northern Inferno, yomwe imayerekeza nkhondo ya NATO ndi Soviet Union mu 1975. Zida zambiri za nthawi imeneyo sizifika patali ngati zamakono, choncho n'kosavutirapo kutsatira chomwe chakugundani ndi komwe chachokera. Ofuna kuona ndege ndi sitima mu 3D akhoza kulumikiza pulogalamu ya Tacview, yomwe imagulidwa payokha. Ine mapu anandikwanira.

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Yachisanuyo ndaisunga chifukwa gawo lalikulu la zomwe ndinagula limafuna nthawi yomwe ndilibe. Ngati chomwe mukufuna ndi kuona torpedo ikusambira ndi sitima ikumira pamaso panu, yambirani pa Cold Waters ya 2017, momwe mumayendetsa sitima imodzi yokha yapansi pa madzi, kapena Sea Power yomwe MicroProse inatulutsa mu 2024, ya zithunzi za 3D ndi zida za nthawi ya Cold War. Command ndi ya pa Windows, ndipo ngati mungathe iseweredwe pa sikirini yaikulu, chifukwa pa laputopu yaing'ono mapu, mauthenga ndi mawindo a mishoni amalimbirana malo.