Mavoti kapena malonda: chimaletsa nkhondo nchiyani?

Anzanga amene timapita nawo pa Mwami kukaoda katundu sasiya kundifunsa kuti chimene chimagwira mayiko manja kuti asamenyane nchiyani, demokalase kapena malonda. Onsewo ali kumbali ya malonda. Amati munthu suwotcha msika womwe ukudyerapo. Sali okha, pakuti Erik Gartzke, katswiri wa zandale wa ku America, analemba zomwezi mu 2007, kuti mayiko olumikizana pa chuma saona phindu m'nkhondo.

Ndimadya za malonda, koma apa ndimakana. Vuto lake mtendere wa malonda uli ngati chitseko chomwe kiyi wake ali m'thumba mwa munthu mmodzi. Zambia yathu inkatumiza kopa wambiri panjanji yodzera ku Rhodesia, ndipo mbali zonse ziwiri zinkapindula. Mu January 1973 Ian Smith, mtsogoleri wa Rhodesia (Zimbabwe ya lero), anangotseka malire. Phindulo silinamugwire dzanja, moti pofika 1978 ndege zake zinkaponya mabomba m'dziko muno. Chinatipulumutsa pa nkhani ya kopa ndi njanji ya TAZARA yopita ku Tanzania, yomwe inatha kumangidwa mu 1975. Ku Ulaya nakonso, Britain ndi Germany ankagulitsana katundu kwambiri mpaka 1914, kenako anaphana zaka zinayi. Russia inkagulitsa gasi ku Ulaya, wina wodzera m'mapaipi a ku Ukraine komweko, komabe mu 2022 inalowamo ndi akasinja. Ndalama zimawawa eni ake, koma mtsogoleri wosaopa voti amangouza amalondawo kuti apirire. Izi zimandiwawa chifukwa malire akatsekedwa, oyamba kugona ndi njala ndife a katundu wa pamutu.

Demokalase ili ndi pake poperewera, sindibisa. Kaunda ndi Kamuzu Banda analamulira ndi chipani chimodzi zaka zambiri osamenyana, ngakhale kuti mu 1968 Banda ananena kuti mbali ya chigawo chathu chino cha Kum'mawa ndi ya Malawi. Mwina chinathandiza ndi ubale, pakuti Achewa a mayiko atatu amakumana ku Mkaika pa Kulamba.

Komabe ine voti yanga ili kwa demokalase. Immanuel Kant, katswiri woganiza mozama wa ku Germany, anaziona kale mu 1795: anthu amene adzaike ana awo m'manda akafunsidwa, savomera nkhondo msanga. Kafunseni akuluakulu a ku Chadiza ndi ku Petauke, amene anaona zigawenga za ku Mozambique zikudumpha malire ndi othawa nkhondo akudzaza ku Ukwimi. Mozambique inasaina mtendere ku Rome mu 1992, inavota mu 1994, ndipo pamenepo mpamene msewu wa Chanida wopita kumeneko unayamba kuyendeka popanda mantha.