Chithunzi chodinda cha mphambano ya m'tauni: miyezi iwiri chili pakhoma

Chithunzichi ndinachiitanitsa pa intaneti kwa mayi wina amene ntchito yake ndi kusema ndi kudinda zithunzi za m'mizinda. Ndadikira dala miyezi iwiri ndisanalembe, kuti ndione ngati maso atope nacho. Sanatope.

Pali mphambano nthawi ya chisisira. Basi ikukhota, nthambo za magetsi zapingasana m'mwamba, nyumba zosanjikizana zaima uku ndi uku, mazenera ena oyaka, ena ozima. Anthu alipo koma alibe nkhope, ndi timizere takuda topendekera kutsogolo ngati akuthamangira basi yomaliza. Mitundu ndi itatu basi: wachikasu, wabuluu ndi wakuda.

Mlamu wanga atachiona anati mwana wasukulu angathe kujambula zomwezi. Ndinangoseka. Mayiyu sajambula papepala. Amasema pa lino, chinthu chomwe chija amayala pansi m'nyumba, chimene Frederick Walton anapanga ku England m'zaka za m'ma 1860. Pamene wasema pamatsala poyera, pamene wasiya ndi pamene pamagwira inki. Ndipo zonse amasema chobwerera, ngakhale nambala ya basiyo, chifukwa podinda zimatembenuka. Mpeni ukaterereka, basi, palibe chofufutira.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi ichi: mitundu yonse itatu inachokera pachidutswa chimodzi cha lino. Amadinda wachikasu pamapepala onse, n'kusemanso chidutswa chomwecho, kudinda wabuluu, kusemanso, kumalizira wakuda. Pofika kumapeto chidutswacho chimakhala chadyeka, sangabwerere kukadinda zina. Ndiye ka 12/40 kolembedwa ndi pensulo m'munsimu, kotanthauza kuti changachi ndi cha nambala 12 mwa zithunzi 40, si kokometsera malonda ayi. Zilipo 40, zatha.

Mukachiyandikira, kumwamba kwake si koyera mbee. Kuli timikwasa tating'ono tomwe mpeni unasiya, ndipo timeneti ndi tomwe timapangitsa mzindawo kuoneka ngati ukunjenjemera ndi phokoso la magalimoto. Inki nayo yatukumuka pang'ono papepala. Pambali ya nyumba imodzi wabuluu analumpha mzere pang'ono, koma ine sindikutenga ngati cholakwa, ndi dzanja la munthu limenelo. Amene anaonapo zithunzi za Cyril Power ndi Sybil Andrews, a ku Grosvenor School, sukulu ya zojambulajambula ya ku London yomwe inatsegulidwa mu 1925, azindikira msanga komwe mayiyu anaphunzirira kupinda misewu kuti izioneka ngati ikuthamanga. Kungoti wake mzinda ndi wotopa, wa anthu oweruka kuntchito.

Dandaulo ndili nalo. Chinabwera chokulungidwa m'chubu chopapatiza, moti chinakhala sabata yathunthu pansi pa mabuku chisanawongoke, ndipo ngodya imodzi inapindika. Mwayi wake fulemu inabisa. Komanso kukula kwa pepalalo sikugwirizana ndi mafulemu ogula okonzakonza, ndinachita kupangitsa yanga, zomwe sananene pogulitsa. Nditamulembera anayankha tsiku lomwelo, n'kupepesa, n'kundilangiza kuti galasi lisakhudze inki ndiponso ndisachipachike poomba dzuwa.

Ndachiika moyang'anana ndi pamene ndimakhala madzulo. Dzulo lomweli ndi pamene ndaona kuti pazenera lina lachitatu kuchokera pamwamba pali kamunthu kataima, kakuyang'ana basi ija.