Euphorbia obesa: kachomera konga mpira, koyenera kugula ngati mungasinthe dothi lake

Ogulitsa maluwa amachitcha baseball plant chifukwa chikadali chaching'ono chimakhala chobulungira, ndipo m'nthiti mwake mumakhala timapundu tondondozana ngati msoko wa mpira. Nthitizo kawirikawiri zimakhala 8. Khungu lake ndi lobiriwira motuwa, lokhala ndi timizere tofiirira topingasa, ndipo minga chilibe. Ambiri amachiyesa cactus, pomwe ndi m'bale wake wa nkhadze: chikalasidwa chimatuluka utomoni woyera ngati mkaka, woyabwa pakhungu, woopsa ukalowa m'maso. M'nyumba mokhala ana kapena amphaka, chiikeni pamwamba.

Kwawo ndi ku Great Karoo, kufupi ndi Graaff-Reinet m'chigawo cha Eastern Cape ku South Africa, ndipo Joseph Dalton Hooker, katswiri wa zomera wa ku Britain, ndiye anachipatsa dzina la Euphorbia obesa mu 1903. Anthu anachizula kwambiri kutchire mpaka chinayamba kusowa, n'chifukwa chake lero n'chotetezedwa ndipo malonda ake pakati pa mayiko amatsata pangano la CITES, loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pangozi yotha. Gulani chimene chinafesedwa pa nazale. Wogulitsa akamalephera kunena kumene chinachokera chomera chachikulu chodzaza zipsera, chisiyeni.

Chomerachi n'chabwino kwa munthu wosowa malo. Chimakula pang'onopang'ono, chikakalamba chimatalika ngati chipilala mpaka masentimita pafupifupi 20, ndipo mphika umodzi umachikwana zaka zingapo. Chovuta si chomeracho ayi, koma mmene chimagulitsidwira. Nthawi zambiri chimabwera m'dothi lakuda lofewa la peat (zomera zowolerana), lomwe likanyowa limasunga madzi masiku ambiri, likauma limalimba osalowanso madzi. Ena amachiika m'kamphika kokongola kopanda bowo, n'kumata timiyala pamwamba ndi guluu. Zimenezi zimakopa maso pashelefu, koma ndi zimene zimachipha.

Posankha, gwirani tsinde chapansi ndi zala ziwiri. Likhale lolimba gwa. Khungu louma lofiirira ngati khungwa kumunsi si matenda, ndi ukalamba chabe. Choipa ndi banga lofewa, lachikasu kapena lakuda. Suzumirani pakati pa nthiti ngati mulibe tizilombo toyera ngati thonje totchedwa mealybug. Chimene chili ndi timitengo touma tosongoka m'nthiti, kapena ana ambiri m'mbali, mwina ndi m'bale wake Euphorbia meloformis kapena chosakanizika nacho, popeza obesa weniweni amakhala yekhayekha ndipo sasunga mapesi a maluwa akale.

Mukafika nacho kunyumba, valani magolovesi, chizuleni, ndipo chotsani peat yense kumizu ndi kamtengo. Onaninso ngati kumizuko kulibe ufa woyera, chifukwa mealybug amabisalanso pansi. Chigonekeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti mizu yothyoka ipole. Dothi loyenera ndi magawo awiri a pumice kapena perlite (timiyala topepuka tosasunga madzi nthawi yaitali), gawo limodzi la mchenga wokhakhala wa mamilimita 2 mpaka 4, ndi gawo limodzi la dothi la maluwa. Mchenga wosalala musayese, umatseka mipata ya mpweya n'kuumbika. Mphika ukhale wadothi wosapaka utoto, wa bowo pansi, wozamirapo chifukwa chomerachi chili ndi muzu waukulu wolunjika pansi, ndipo m'mbali mutsale mpata wa masentimita awiri okha. Mphika waukulu umasunga chinyontho pamene mizu sifika. Musachikwirire mozama kuposa mmene chinalili. Pakhosi pake thirani timiyala kuti khungu lisakhudze dothi lonyowa. Papite sabata yathunthu musanathirire.

Pa kuthirira ndi pamene anthu ambiri amachitayira, chifukwa chomerachi sichichenjeza. Chilibe masamba oti afote. Kuwola kumayambira kumuzu, kumakwera mkati, ndipo khungu likamadzafewa m'kati monse mwasanduka phala. Pamenepo palibenso chopulumutsa, poti ndi tsinde limodzi lokha, lopanda nthambi yoti mudule n'kubzala. M'nyengo yofunda, pamene chikukula, thirirani mokwanira mpaka madzi atuluke pansi, tayani otsala m'mbale, kenako dikirani dothi liume mpaka pansi. Nthawi zambiri zimatenga masiku 10 mpaka 14, koma kalendala siidziwa mphika wanu: lowetsani kamtengo kouma mpaka pansi, kakatuluka kozizira kapena komata dothi, dikiranibe. Madzi athiridwe padothi, osati pamutu pomwe pali kadzenje. M'nyengo yozizira chimagona, ndipo madzi pang'ono kamodzi pamwezi ndi okwanira, mwinanso osathirira n'komwe. Kuzizira pamodzi ndi chinyontho ndiko kumawoletsa msanga, choncho chisakhale pamalo pozizira kuposa madigiri 10 dothi lili lonyowa. Chikachita makwinya pang'ono pakati pa nthiti ndiye kuti chili ndi ludzu, ndipo chimafufumanso chikamwa. Koma chikakhala chamakwinyabe patatha masiku mutathirira, mizu yafa; chizuleni muone m'malo mowonjezera madzi.

Kuwala chimafuna kwambiri, koma kutchire chimakonda kumera m'tsinde mwa zitsamba, choncho dzuwa la masana lodutsa pagalasi limachiwaula n'kusiya chipsera chotuwa chosatha. Dzuwa la m'mawa la maola pafupifupi 4 ndi labwino. Chochokera m'sitolo ya mdima chizolowetsedwe pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Kufiira pang'ono n'kwabwinobwino. Kuwala kukachepa, mutu umasongoka n'kukhala wobiriwira motumbuluka, ndipo kubulungira kuja sikubwereranso. Tembenuzani mphika pang'ono sabata iliyonse kuti chisapendekere kuzenera.

Feteleza ndi wochepa: wa cactus, wa nayitirojeni wochepa, theka la mlingo wolembedwa pabotolo, kawiri kapena katatu m'nyengo yonse yokula. Wochuluka amachitupitsa mpaka khungu kung'aluka. Mealybug wapakhungu amafa mukam'khudza ndi kathonje koviika mu spiriti.

Wofuna kuchulukitsa adziwe kuti chomera chimodzi sichibereka. Pali chachimuna ndi chachikazi, ndipo zimadziwika zikachita maluwa, timaluwa tating'ono kwambiri totuluka pamutu. Chachimuna chimaonetsa mungu wachikasu. Tengani munguwo ndi kaburashi kofewa, mupake pa chachikazi. Kachipatso kake kamakhala ndi njere mpaka zitatu ndipo kakauma kamaphulika n'kuziponya kutali, ndiye phimbani mutu wa chomeracho ndi kansalu ka neti kachipatso kasanakhwime. Fesani njerezo pamwamba pa dothi lamchenga lonyowa pang'ono, pamalo pofunda madigiri 20 mpaka 25, ndipo zatsopano zimamera m'masabata ochepa. Pa chifukwa chimenechi, ngati nazale ili ndi zimene zayamba kale maluwa, ndi bwino kutenga ziwiri zosiyana kusiyana ndi chimodzi chachikulu.