Kalasi yosoka ya oyamba kumene, ndi yabwino koma si ya aliyense

Kalasi iyi ndi ya anthu oti sanagwirepo singano kapena amangodziwa kusokerera batani basi, amaphunzitsa ndi mayi wina telala yemwe wakhala pantchitoyi zaka zambiri ndipo ine ndikuti ndi yabwino ndithu, koma pali mtundu wa anthu omwe angakhumudwe nayo ndiye ndifotokoze kaye.

Mayiwa ukawafunsa kuti cholondola nchiti amangoti yesani zonse ziwiri muone nokha. Batani la mabowo anayi ena amasoka mopingasa, ena mizere iwiri yoyandikana, iwo anasoka mitundu yonse iwiri nkutipatsa kuti tikoke ndi mphamvu ndipo palibe lomwe linathothoka. Chomwe amalimbikira nchoti pansi pa batani pakhale kampata, amaika kamtengo ka machesi posoka kenako nkuchotsa nkukulunga ulusi pansipo kuti batani lisamapane nsalu pomanga. Mfundo nayonso chimodzimodzi, ena amakulunga ulusi pachala nkupotokola, ena sapanga mfundo nkomwe amangobwereza pamalo amodzi kawiri katatu poyambira ndipo zonse zimagwira bwinobwino. Panali mtsikana wamanzere yemwe anthu ankamunena kuti amasoka chobwerera, apa anamuuza kuti wamanzere amayambira kumanzere kupita kumanja ndipo palibe choti asinthe, mtsikanayo nkuyamba kusoka mwachangu kuposa tonse eti.

M'mphepete mwa nsalu kuti musamasosoke anatiwonetsa zigizagi, anatiwonetsa kupinda kawiri, anatiwonetsanso msoko uja umasokedwa kawiri kuti mphepete ibisike mkati, nkunena kuti sankhani malinga ndi nsalu komanso nthawi yomwe muli nayo. Ma pateni (mapepala otsatira podula nsalu) ambiri ogula amasiya 1.5 cm pa msoko, iwo zovala za ana amasiya 1 cm, akuti chachikulu musamasinthesinthe muyeso pa chovala chimodzi.

Koma musaganize kuti ndi chisawawa, pali zinthu zochepa zomwe samanyengerera ngakhale pang'ono chifukwa apo ikulamula ndi nsalu osati munthu. Singano ya makina ya nambala 70 kapena 80 ndi ya nsalu zopyapyala, jinzi imafuna 100, ukakakamiza yaing'ono imathyoka kapena makina amadumpha. Singano zapamanja ndiye nambala zake zimayenda mosiyana, nambala ikakula singano imachepa, ambiri tinali tisakudziwa zimenezi. Nsalu ya thonje chapani musanadule poti imafupika, ndipo dulani motsatira mmene ulusi wa nsaluyo wayendera apo ayi mwendo wa thalauza uzidzapotoka ukachapa. Msoko uliwonse amati usitidwe usanapitirire, simbi imakhala yoyatsa nthawi yonse. Kusiyanitsa kumeneku, kuti apa chitani zomwe dzanja lanu lakonda koma apa ayi, ndi komwe ndinakukonda kwambiri mu kalasi yonseyi chifukwa mavidiyo a pa YouTube aliyense amalankhula ngati njira yake ndi yokhayo padziko ndipo ukaonera atatu umangosokonezeka mutu.

Zosasangalatsa zilipo. Makina ndi ochepa ndiye pamakhala kudikirana, wina akapana ulusi mu bobini (kokulungapo ulusi wapansi mu makina) onse mwaima. Zolemba sapereka, bambo wina amene ankafuna kuuzidwa kuti choyamba ichi chachiwiri ichi anaoneka kuti zikumutopetsa ndipo sindingamunene, anthu ena amaphunzira choncho. Mayiwa amafotokozanso manja ali pa nsalu ndiye ukakhala kumbuyo suona chomwe singano ikuchita, muzikhala pafupi. Gawo la zipi analithamangitsa kwambiri, ngati cholinga chanu ndi kuika zipi pa siketi mudzafunika kukafunsanso pambali kalasi ikatha. Sizasi tengani yanu, zawozo zinabuntha.