Makina operera chokoleti: amapera bwino, koma liwiro la mota linandisautsa

Patha miyezi 14 ndikuwagwiritsa ntchito makina amenewa kuno ku Highfield, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndipo ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndi aja oika patebulo, okhala ndi miyala iwiri yogubuduzika pamwamba pa mwala wina, m'ndowa yachitsulo. Agogo anga a ku Dedza akanawaona akanati ndi mphero, kungoti mwanamphero wake akuyenda ndi magetsi. Ndinaitanitsa ku Johannesburg, anabwera pa basi kudzera pa Beitbridge. Koko ndimagwiritsa wa ku Kyela, ku Tanzania, kufupi ndi malire a Songwe, ndipo ndimakazinga ndi kupeta ndekha.

Pa kupera palibe chimene ndingawanenere. Ndikathira makilogalamu 3 a koko ndi shuga, pakatha maola 48 chokoleti chimasalala, tinthu take titatsika kufika cha m'ma maikuloni 20 (muyeso wa tinthu tating'ono kwambiri), pamene lilime silimvanso timchenga. Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha liwiro.

Makinawa ali ndi swichi yoyatsa ndi kuzimitsa basi. Mota yake imazungulira ka 1,440 pa mphindi, lamba ndi magiya n'kutsitsa liwirolo lisanafike ku ndowa, ndipo limakhala lomwelo kuyambira tsiku loyamba mpaka kuphula. Komatu chokoleti sichifuna liwiro limodzi. Poyamba, koko akadali zibenthu, zimathamanga kuchoka pansi pa miyala. Pamapeto chikasungunuka chimathovukira m'mbali. Mu Okutobala, Harare ikatentha, chokoleti changa cha mkaka chinkadutsa madigiri 55, kafungo kake n'kusintha, kulimbanso kukulimba. Ndinkafuna njira yoti miyala iziyendako pang'onopang'ono.

Wogulitsa nditamufunsa anati ndigule kachipangizo kopotokola kaja kochepetsera kuwala kwa mababu. Ndinakagula m'tauni, ndinalumikiza. Nditangopotokola pang'ono mota inayamba kung'ung'udza, miyala n'kumayenda modukizadukiza, kenako inaima. Chitsulo cha mota chinatentha moti sindikanachigwira, ndipo m'khitchini munamveka fungo la waya. Ndinazula pulagi mtima uli phaphapha, chifukwa m'ndowamo munali oda ya ukwati.

Mawa lake ndinanyamula makinawo kupita ku Siyaso ku Mbare, kwa abambo ena okonza mamota omwe timapemphera nawo ku CCAP. Atawerenga kachitsulo kolembedwa pa mota anandiuza kuti, "Achemwali, mwachita mwayi sinapse. Mota yamtundu uwu simvera mavoti, imamvera ma hertz." Anandifotokozera kuti magetsi athu amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiwo ma hertz (Hz) 50 amenewo, ndipo kusinthasinthako ndiko kumaika liwiro la mota. Mota ngati yangayi imayenera kuzungulira ka 1,500 pa mphindi, ikanyamula katundu n'kutsika kufika pa 1,440 paja. Kachipangizo kanga kankangodula mavoti. Mota inkayesabe kuthamanga monga kale koma ilibe mphamvu, ndiye inkatentha, mawaya ake n'kumapsa pang'onopang'ono. Ichi ndicho chinandipweteka mtima kwambiri: munthu wogulitsa makina ayenera kudziwa zimenezi, ndipo kabuku ka malangizo sikanenapo kanthu.

Abambo aja anandiphunzitsanso kuti makina akafooka ndisamathamangire kuiloza chala mota. Zinandichitikira katatu, pa zifukwa zitatu zosiyana.

Koyamba munali mu Juni, m'mawa kukuzizira. Mafuta a koko amasungunuka cha pa madigiri 34, ndiye akagwera pa miyala yozizira amagwirana ngati phula. Tsopano ndimayamba ndatenthetsa miyala ndi ndowa ndi choumitsira tsitsi, ndikuthira kaye mafuta osungunula, koko n'kumawaza dzanja limodzilimodzi kwa ola lathunthu, sipulingi yopanikiza miyala ili yomasula. Ndimamanga pambuyo. Miyalayo ikhale youma kwenikweni, chifukwa madzi ochepa chabe amalimbitsa chokoleti chonse, makina n'kuima.

Kachiwiri mota inkamveka bwinobwino koma ndowa ikuyenda mwaulesi. Anali lamba, atakhwepa ndiponso atapakika mafuta otuluka pansi pa ndowa. Tinapukuta, tinakoka mota pang'ono n'kumanga mabauti, zinatha.

Kachitatu ndiko kanandidya ndalama. Magetsi anathima usiku ine ndili m'tulo, chokoleti chinauma gwa mozungulira miyala, ndipo atayaka m'bandakucha mota inalimbana ndi chimwala chimenecho swichi ili yoyatsa. Kuyambira pamenepo inkangong'ung'udza osanyamuka, pokhapokha nditaikankha ndowa ndi dzanja. Chimenecho ndi chizindikiro chakuti kapasita, kachipangizo kothandiza mota kunyamuka, yafa. Tinaika ina ya manambala ofanana ndi yakale. Musaigwire ndi manja mukangozula pulagi, imasunga magetsi. Kwa ife okhala kuno, kumene makina oyenda masiku awiri osaima sangalephere kukumana ndi kuthima kwa magetsi, makinawa anayenera kubwera ndi swichi yosadziyatsa yokha magetsi akabwerera.

Vuto la liwiro tinalithetsa pochotsa mota yonse. Tinaika ya mafezi atatu ya 0.37 kW, pamodzi ndi kabokosi kotchedwa VFD, komwe kamalandira magetsi a m'nyumba a 220 V n'kutulutsa mafezi atatu pa ma hertz omwe wasankha. VFD wamba sigwirizana ndi mota yakale ija ya kapasita, ndiye musagule kabokosi kokha poganiza kuti mungolumikiza. Mota yatsopanoyo sinakwane m'chibokosi cha makina, choncho anandiwotcherera kachimango kachitsulo. Dziwaninso kuti mukatero galanti yatha. Ine yanga inali itatsala miyezi iwiri, sindinadandaule.

Panopa pothira koko ndimaika pa 30 Hz. Akasanduka phala ndimakweza kufika pa 50, ndikuthira shuga, n'kusiya usiku wonse. Tsiku lomaliza, chivindikiro chili chotsegula kuti kuwawasa kuuluke, ndimatsitsa kufika pa 38, ndipo kutentha kumakhala m'munsi mwa madigiri 50 ngakhale masana. Sinditsika kupitirira 30, chifukwa fani yoziziritsa mota ili pa shafuti yomweyo: mota ikachedwa, fani nayo imachedwa, pamene katundu ndi yemweyo. Abambo aja anaikanso kuti mota izinyamuka pang'onopang'ono kwa masekondi 10, komanso kuti magetsi akabwerera isayake mpaka nditadina ndekha. Miyala ikagwidwa, VFD imazimitsa n'kuonetsa nambala ya vuto. Zachitika kawiri, ndipo kawiri konse ndinangotenthetsa ndowa ndi kuyambiranso.

Phokoso lilipo, sindikubisa. Ali m'khitchini timawamva kuchipinda, moti ndinawaika pa mphira wokhuthala. Kutsuka n'kosavuta, miyala imazuka, ndipo patatha miyezi yonseyi sinang'ambike. Zomwe zatha ndi timabushi tapulasitiki ta m'miyala, ndasintha kamodzi.

Ngati mukupanga chokoleti chakuda chodyera pakhomo, gulani, asiyeni mmene alili, mungosamala kutenthetsa miyala ndi kuzimitsa swichi magetsi akathima. Ngati ndi za malonda ngati ine, makamaka cha mkaka, werengerani ndalama ya mota ina ndi VFD musanalipire, kapena funsani ogulitsa ngati ali ndi mtundu wobwera kale ndi VFD. Akakuuzani za kachipangizo ka mababu, kanani. Makina achiwiri ndikufuna kugula chaka chamawa, ndipo ndisanalipire ndidzawauza anditumizire chithunzi cha kachitsulo ka pa mota kuti abambo a ku Siyaso achione kaye.